Kuwombola Brodie

Noelene Vassallo anali atatopa ndi ana a eni. Osati kuti ankadana nawo, ayi. Ankawakonda, ndipo kutopako kunkachokera pomwepo.

Timu ya mpira ya Akamba ikasankha mnyamata wakutali, wa ku Victoria kapena ku Adelaide, inkamutula pakhomo pake ndi chikwama chimodzi, n'kumuuza kuti amayi ako atsopano ndi awa. Noelene ankamuphikira, kumuchapira masokosi onunkha ngati chinthu chakufa, kumukalipira kuti avale chipewa poti dzuwa la ku Queensland silimvera chisoni khungu la kum'mwera. Ndiye mnyamatayo akakhuta bwino, mapewa atatambasuka, dzina litayamba kumveka pawailesi, ankalowa m'khitchini nkhope ili pansi n'kuyamba kuti, "Mayi V, pali nkhani." Nkhaniyo inkakhala imodzimodzi: ndasowa kwathu. Mlendo ndi mame. Noelene ankachapa zofunda n'kudikira wina.

Nawonso Akamba anali atatopa ndi kulera osewera oti akakula azikagoletsera ena. N'chifukwa chake akuluakulu a ligi anawalola kutsegula akademi, kuti aziphunzitsa ana a konkuno, amene alibe kwawo kwina kothawira. Brodie, mwana yekhayo wa Noelene, analowamo akadali ku pulayimale, anzake akumuseka kuti wasiya ragibi, masewera a amuna, n'kutsatira mpira wa anthu ovala tikabudula tothina ndi malaya opanda manja. Noelene ndiye ankamuyendetsa kudutsa minda ya nzimbe kupita kumasewera, Loweruka ndi Loweruka, mpaka galimoto inatha n'kugula ina.

Tsopano Brodie anali atafika msinkhu wosankhidwa, ndipo tsiku losankha osewera linkabwera mu Novembala. Patsikuli matimu amatchula mayina mosinthana, ndipo mwana amapita kwa aliyense amene wamutchula, kaya ndi kumathero a dziko. Koma mwana wa akademi ali ndi pobisala pamodzi. Timu ina ikamutchula, eni akademi amafunsidwa ngati akufuna kumuwombola. Akavomera, amalipira ndi mipata yawo yosankhira ana ena, n'kutsala naye. Akatchulidwa msanga, mtengo wake umakwera. Mawu akuti kuwombola ndiwo Noelene ankagona nawo n'kudzuka nawo, pakuti atalera ana a eni zaka zonsezi, ankangofuna kuti wakeyo asachoke.

Chaka chimenecho ku Melbourne, kuchimake kwa ligi ndi matimu ake ambiri, kunabuka phokoso. Col, mwamuna wa Noelene, ankayendetsa makina odulira nzimbe, ndipo akaweruka ankakhala pakhonde ndi botolo la mowa n'kumakangana ndi wailesi.

"Tawamvani anthuwa," anatero tsiku lina. "Akuti kukondera. Akuti ife a kumpoto tikutenga ana abwino pamtengo wozizira. Nanga iwo akamatilanda athu chaka ndi chaka, chimenecho ndiye chilungamo? Paja amati kamba amanyera amene wamtola. Koma kuno zinatembenuka, Akamba ndi amene tikunyeredwa."

"Tsitsani mawu inu, ana akumva."

"Amve kumene. Akweza mtengo wowombolera, mwamva? Achita kutsimikiza lero. Timu yathu mipata yake ndi yakumchira yokhayokha. Brodie akatchulidwa msanga, sakwanitsa."

"A Darryl anati amuwombola."

Darryl Stubbings ndiye ankasankha ndi kusinthanitsa osewera ku Akamba. Col anaseka chamumphuno.

"Darryl amalonjeza ndi pakamwa, m'thumba muli mbee." Anamwa pang'ono, kenako analoza ndi chibwano kuzenera la chipinda cha alendo. "Koma uyu atati akufuna kwawo, a kumeneko angapereke mipata yonona posinthana naye. Wamtali chonchi sapita ulere."

"Col!"

"Ndangochita masamu ine. Masamu si tchimo."

Wa m'chipindamo anali Fergus Mildren, mwana wa alimi a ng'ombe zamkaka cha ku Colac, dera losatalikirana kwambiri ndi Melbourne. Ndiye ankadumphira mpira pakati pa bwalo woyimbira akauponya m'mwamba, ntchito yofuna munthu wotalika ngati mzati wamagetsi, ndipo anthu otero ndi osowa. Anali atakhala pakhomopo zaka ziwiri, mgwirizano wake ndi timu unkatha, ndipo tawuni yonse inkadikira kumva ngati asaina wina. Mwa ana onse amene Noelene analera, uyu yekha sanalirepo m'bafa. Ankakonda kutentha, ankadya mango mpaka madzi kutsikira m'zigongono, ankatsuka mbale osauzidwa. Masana ankatuluka ndi Brodie kuseri kwa nyumba n'kumamuponyera mpira m'mwamba mpaka mwanayo ataphunzira kuuwakha osatsinzina.

Amayi ake a Fergus, Bronwyn, anabwera kamodzi kokha, tsiku lomuperekeza. Anaima m'khitchini ya Noelene, manja osweka ndi madzi ozizira a m'khola, akuyang'ana chithunzi cha Brodie pafuliji atavala malaya a akademi.

"Mwayi wanu inu," anatero mosakwiya. "Wanu adzasewera muli pompa. Wanga anangomva dzina lake pa TV, Lolemba ali m'ndege. Palibe anandifunsa ngati ndikufuna kumuwombola."

Noelene anayankha zokoma, zoti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, asadandaule. Koma mawuwo anamukhala. Mayiyo sananame. Nayenso Col sananame. Noelene anali atamva mbali zonse ziwiri kwa zaka zambiri, ndipo chomwe anatolapo n'choti aliyense amaona chilungamo kuchokera pakhomo pake. Analibenso mphamvu zokangana nazo.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Okutobala, ligi itatha, Noelene ankayanika zovala kuseri. Fergus anabwera n'kunyamula dengu, akuwerama kuti zingwe zisamukole pakhosi.

"Mayi V, pali nkhani."

Mtima wa Noelene unadumpha, ndipo anachita manyazi pozindikira kuti wadumpha ndi chimwemwe.

"Nena, mwanawe."

"Ndikuganiza zosaina. Zaka zitatu."

Noelene anali ndi chopanira zovala pakamwa. Anachichotsa pang'onopang'ono.

"Zosaina kuno?"

"Ee. Anthu akuganiza kuti ndine wamisala. Timu ya kwathu ikundifuna, yandiimbira kangapo. Koma ine kuno ndazolowera. Kwathu mwezi uno munthu umavalabe juzi ziwiri." Anaseka, makutu akufiira. "Komanso pali Tahlia uja wa ku famase."

"Amene umakagulako mankhwala a chimfine ulibe chimfine?"

"Yemweyo. Ndiye ndimati ndimve kwa inu kaye. A Darryl akufuna yankho Lachisanu, ndipo aliyense amene ndamufunsa ali ndi chake chomwe akufuna. Inu nokha ndi amene mungandiuze zoona."

Noelene anatenga thaulo m'dengu, n'kulikutumula nthawi yaitali kuposa mmene thaulo limafunira. Akanatha kunena kuti saina, mwana wanga, ndipo mnyamatayo akanathamanga kukasaina tsiku lomwelo. Anayang'ana kuseri kwa mtengo wa mango, kumene udzu unatha ndi mapazi a Brodie.

"Amayi ako akuti chiyani?"

"Akuti ndichite zomwe mtima wanga ukufuna."

"Ndi mmene timayankhulira ife azimayi. Pakamwa timati pita, m'mimba mukutentha." Anapachika thaulo lija. "Bondo la bambo ako lili bwanji?"

Fergus anasiya kuseka. "Likuvutabe. Akuti adzawachita opaleshoni chaka chamawa."

"Ndiye ng'ombe akukama ndani m'mawa?"

"Amayi. Ndi munthu wina waganyu, akabwera."

"Akabwera." Noelene anapukusa mutu. "Ine sindikuuza zochita, Fergus. Koma manja a mayi ako ndinawaona. Ukakhala ku Melbourne, tsiku lopuma ungathe kuyendetsa galimoto n'kukadya nawo chamasana. Kuno ungawathandize chiyani, kuwatumizira mango? Mpira umatha, mwanawe. Makolonso amatha, ndipo sachenjeza. Atsikana a ku famase ali m'tawuni iliyonse."

Palibe bodza ngakhale limodzi limene ananena, ndipo chimenecho ndicho chinamuwawa kwambiri pambuyo pake. Fergus anaima ndi dengu lopanda kanthu, akuyang'ana pansi. Kenako anawerama n'kumukumbatira, chibwano chake chili pamwamba pa mutu wa Noelene.

"Zikomo, Mayi V. Ndinadziwa kuti inu simungandinamize."

Lachisanu Fergus anapempha kubwerera kwawo. Matimu anakokanakokana sabata yathunthu, mpaka Akamba analandira mipata iwiri yabwino posinthana naye. Tsiku lonyamuka anasiyira Brodie nsapato zake zakale, zomwe Brodie akanatha kulowetsamo mapazi onse awiri mu imodzi. Tahlia sanabwere kudzatsanzika. Col ananyamula zikwama kupita nazo kugalimoto akuimba mluzu, ndipo pobwerera kuchokera kubwalo la ndege sanafunse mkazi wake chilichonse. Noelene anachapa zofunda monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sanathe kuyang'ana m'chipindamo nthawi yaitali.

Vuto lina linali Brodie mwiniwake. Mwanayo anali wamfupi, wothamanga ngati waberedwa kanthu, womenya mpira ndi miyendo yonse iwiri, ndipo chaka chimenecho anasewera ngati wagwidwa ndi mizimu. Pamasewera omaliza oonetsa luso, anthu osaka osewera atadzaza mpanda ndi zipewa zawo, Noelene anadzipeza akupemphera kuti mwana wake agwetse mpira kamodzi kokha, aphonye ngakhale chigoli chimodzi, kuti mtengo utsike. Brodie sanagwetse. Anatuluka m'bwalo akumwetulira, n'kufunsa, "Mami, mwaona?" Noelene anati waona.

Tsiku losankha linafika mango atapsa, mileme ikukanganirana mumtengo. Dzuwa lisanalowe pabalaza panali patadzaza kale: anzake a Brodie a ku akademi, aphunzitsi ake, aneba, ngakhale aja ankamuseka za tikabudula. Col ankawotcha masoseji pakhonde, chitseko chili chotsegula kuti azimva TV. Chokupizira mphepo chinkangozunguza kutentha komweko. Noelene anakhala pampando wa m'khitchini umene anaukokera pakona, mbale ya buledi ili pamwendo.

"Mayi V, musaope," anatero mnyamata wina. "Mipata ya Fergus ija ilipo. Brodie ndi Kamba mpaka kufa."

"Iwe idya soseji, usandilaule."

Mayina anayamba kutchulidwa. Mwana wa ku Geelong, mwana wa ku Adelaide, wina wa ku Melbourne. Dzina lililonse TV inkaonetsa pabalaza pa eni, anyamata akugwerana, mayi wina akuwomba m'manja kumbuyo. Noelene ankangoyang'ana amayiwo. Ankawadziwa mawombedwe amenewo.

Kenako inafika nthawi ya timu ina ya ku Perth, kumathero ena a dziko. Bambo wa suti anayang'ana pakapepala kake n'kunena kuti, "Brodie Vassallo, wa akademi ya Akamba."

Pabalaza panaphulika, kenako panangoti zii, poti aliyense ankadziwa kuti nkhani sinathe. Linali dzina lachisanu ndi chiwiri m'dziko lonse, msanga kuposa mmene aliyense ankaganizira. Wolengeza anati tsopano Akamba akufunsidwa ngati awombola. TV inaonetsa chipinda chawo: amuna atazungulira tebulo, Darryl ali pakati, dzanja lili pachipumi. Wina anamunong'oneza. Darryl anapukusa mutu, n'kuyang'ananso pakompyuta.

"Dinani batani, a Darryl," anatero Col ali pakhomo, chopanira nyama chili m'manja. "Dinani, bambo inu. Mipata tinakupatsani."

Noelene anamva mawu akuti tinakupatsani, koma sanatembenuke. Brodie anali atagwada patsogolo pa TV, anzake atamugwira mapewa. Darryl anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Akamba sawombola," anatero wolengeza. "Brodie Vassallo akupita ku Perth."

Anyamata aja anazengereza kamphindi, kenako anamugwera Brodie monga mwambo ulili, akukuwa, akumusisita m'mutu. Nanga akanatani? Mnzawo anali wachisanu ndi chiwiri m'dziko lonse, chinthu chomwe tawuniyi inali isanachionepo. Brodie anatulutsa mutu pansi pa mulu wa anthuwo, akuseka, maso ali onyowa, akufunafuna amayi ake.

"Mami! Mwamva? Seveni, mami!"

Noelene anaika mbale pansi n'kuyamba kuwomba m'manja. Anawomba mpaka zikhato kuwawa, chifukwa mwanayo ankamuyang'ana, ndipo chimwemwe chake chinali chenicheni. Col anabwerera pakhonde kukatembenuza masoseji omwe anali atapserera kale. Patapita kanthawi Akamba anagwiritsa ntchito umodzi wa mipata ija kusankha mnyamata wamtali wa ku Port Lincoln, koma pabalazapo palibe anamva ngakhale dzina lake.

M'mawa mwake Noelene akutola mango amene mileme inaluma n'kutaya, foni inalira m'thumba la diresi. Anali Darryl. Mawu ake anali a munthu amene sanagone.

"Mayi Vassallo, ndimati ndikuimbireni ndekha. Pepani."

"Munalonjeza, a Darryl."

"Ndinalonjeza, sindikana. Koma pa seveni, ndi mtengo watsopanowu, zikanatidyera mipata yonse iwiri ya Fergus n'kutisiyanso ndi ngongole ya chaka chamawa. Ndiye tikanalowa m'bwalo opanda wamtali pakati. Aafupi othamanga tili nawo anayi, mayi. Wodumpha tilibe ngakhale mmodzi."

"Ndiye mipata ija munaifunira wamtali."

"Tinalibe kuchitira mwina." Darryl anapuma mozama. "Chikundiwawa n'choti Fergus akanakhala, sindikanaganiza kawiri. Ndikanawombola Brodie ngakhale ndi ngongole ya zaka ziwiri, bola pakati pali munthu. Ndipo mwana uja anali atatsala pang'ono kusaina, mukudziwa? Lachiwiri anandiuza yekha kuti mtima wake uli kuno. Pofika Lachisanu watembenuka. Mpaka lero sindidziwa anamulowa ndani. Mwina anthu a ku Melbourne aja, ali ndi pakamwa potsekemera."

Noelene anayang'ana bango lomwe linali m'dzanja lake, loboola mbali imodzi, nyerere zikulowa ndi kutuluka. Anafuna kukhala pansi koma panalibe pokhala. Walira mvula walira matope, amatero, koma amene amanena zimenezo sakhala ali m'matopemo.

"Mayi Vassallo? Mukundimva?"

"Ndikumva."

"Ku Perth akamusamala bwino. Ndayankhula nawo. Akamuika kwa banja lina labwino, mayi wake akuti amaphika kwambiri. Ndipo pakatha zaka ziwiri, mukudziwa mmene ana amachitira, mwina adzati ndasowa kwathu. Tidzayesa kumubweza."

"Mwina," anatero Noelene. Ankamudziwa mwana wake. Brodie ankazolowera malo msanga, ngati Fergus.

Darryl anatsokomola. "Pali kanthu kena. Ndikudziwa kuti si nthawi yake, koma masiku atithera. Wamtali tamusankha uja, wa ku Port Lincoln, afika Lolemba. Ndiye tasankhanso wina wa ku Tasmania, mwana wofatsa, sanachokepo pakhomo pa amake. Ndimati, poti tsopano mukhala ndi zipinda ziwiri..."

Sanamalize. Noelene anatembenukira kunyumba. Zenera la Brodie linali lotsegula, ndipo ankaona phazi lake litatuluka pabedi, mwiniwake ali m'tulo tofa nato.

"Mwanayo sanachoke n'komwe, a Darryl. Akugona m'chipindamo."

"Ndikudziwa, mayi. Ndege yake ndi ya Lamlungu. Andiuza a ku Perth."

Akanatha kukana. Palibe akanamuimba mlandu, ndipo mawu oti ayi anali kale pakamwa. Koma anaganiza za amayi awiri, wina ku Port Lincoln, wina ku Tasmania, amene m'mawa womwewo ankapinda malaya m'zikwama osadziwa kuti ana awo akagona kuti. Anali wotopa kwambiri moti ngakhale kukwiya kunamukanika. Anaponya bango lija mundowa.

"Abwere," anatero. "Koma mukawauziretu, a Darryl. Ine ndine wophika ndi kuchapa basi. Akadzakhala ndi nkhani, asadzandifunse ine."